Lipoti la ntchito: kulosera zosintha zolimbitsa phytase ya m'chakudya cha nsomba ndi nkhuku ku Salima

Chiyambi cha nkhani

Gulu lina la alimi a nsomba ndi nkhuku m'boma la Salima, chakufupi ndi msewu wopita ku Senga Bay, limapanga lokha chakudya cha ziweto zake. Limasakaniza madeya, soya, usipa wophwanyika umene sugulika pamsika ndi mchere pang'ono. Pofuna kuchepetsa ndalama zogulira fosifolasi wa m'sitolo, anayamba kuthiramo enzaimu yaufa yotchedwa phytase, puloteni imene imamasula fosifolasi womangika m'chakudya, yoitanitsa kunja, imene pepala lake linkanena kuti ndi yochokera ku nkhungu ya Aspergillus niger. Kakulidwe ka nsomba sikanasinthe, ndipo madzi a m'maiwe anapitiriza kubiriwira msanga. Anandipempha kuti ndione chimene chavuta. Ntchito yanga ndi ya mapuloteni, makamaka pa kompyuta. Lipotili likufotokoza chimene chinkapha enzaimuyo, kenako mmene tinagwiritsira ntchito mindandanda ya ma amino asidi (tizigawo topanga puloteni) a m'ma phytase a nkhungu zosiyanasiyana polosera malo amene tingasinthe kuti enzaimu ya mtunduwu ipirire kutentha. Gawo lachiwirili ndi limene nditakhalitsepo.

Chifukwa chake ankathira phytase

Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a fosifolasi wa m'chimanga ndi m'soya amakhala omangika m'chinthu chotchedwa phytate. M'chimanga, phytate yambiri ili m'kamtima ka njere, ndipo kamtimako kamapita ku madeya pokonola. Nkhuku, nkhumba ndi nsomba sizitha kuimasula mokwanira. Fosifolasiyo amangodutsa m'matumbo n'kutuluka, ndipo popita phytate imakoka zinki, ayironi ndi kashiamu zimene chiweto chikanapindula nazo. M'dziwe, fosifolasi wotayikayu amadyetsa ndere. Madzi obiriwira pang'ono mlimi amawafuna, koma akanyanya mpweya umatha m'bandakucha, makumba n'kumapezeka akuyasamula pamwamba.

Phytase imadula ma phosphate a phytate, amene alipo 6, limodzi ndi limodzi. Yoyamba kugulitsidwa inafika pamsika mu 1991, yochokera ku Aspergillus niger yomweyo, nkhungu yakuda imene timaiona pa anyezi wosungidwa ponyowa. Mphamvu yake imayezedwa mu FTU. FTU imodzi ndi enzaimu yokwanira kumasula micromole imodzi (kamuyezo kakang'ono kwambiri) ya phosphate pa mphindi, pa pH (muyezo wa kuwawasa, nambala ikatsika kuwawasa kumakula) 5.5 ndi madigiri 37, ndipo mlingo wozolowereka m'chakudya cha nkhuku ndi 500 FTU pa kilogalamu. Kwathu kuno si chinthu chachilendo kwenikweni: chimera cha thobwa chili ndi phytase yakeyake, imene njere imadzutsa ikamamera.

Zimene tinapeza poyeza

Gululi lili ndi makina awiri. Ena ndi extruder yaing'ono yopangira mapeleti oyandama a nsomba. Enawo ndi makina wamba opanikiza mapeleti a nkhuku. Tinatapa ufa wosakaniza usanalowe m'makina, mapeleti a nsomba ndi mapeleti a nkhuku, n'kupita nazo ku labotale ina ku Lilongwe.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Umasungunula chakudyacho, madzi ake n'kuwasakaniza ndi sodium phytate pa pH 5.5 ndi madigiri 37. Nthawi ikakwana umathira molybdate ndi vanadate, zimene zimaimitsa enzaimu n'kusandutsa phosphate womasukayo kukhala wachikasu, ndipo makina amawerenga chikasucho pa 415 nm. Pamafunika chubu chinzake chimene enzaimu yaimitsidwiratu pachiyambi, chifukwa usipa uli ndi phosphate wakewake wambiri amene angakunamize. Chubu cha ufa wosaphika chinachita chikasu chakuya, chooneka ndi maso osafuna makina. Cha mapeleti a nkhuku chinasintha pang'ono chabe. Cha mapeleti oyandama sichinasiyane n'komwe ndi chinzake chopanda enzaimu.

Zifukwa zake n'zodziwika. Peleti imayandama chifukwa mkati mwa extruder phala limatentha kupitirira madigiri 100 lili lopanikizika, ndipo likamatuluka madzi ake amaphulika kukhala nthunzi n'kulitukumutsa. Makina opanikiza amatentha mocheperapo, kawirikawiri pakati pa madigiri 70 ndi 90. Phytase ya A. niger, imene timaitcha PhyA, imamasuka, kutanthauza kutaya maonekedwe ake ogwira ntchito, kutentha kukangopitirira pang'ono madigiri 60, ndipo ikamasuka sibwerera bwino m'chimake.

Nditafotokoza izi pamsonkhano, mayi wapampando anapukusa mutu. "Achimwene, ndiye kuti miyezi yonseyi takhala tikuphika ndalama?" Bambo wina wachikulire anafunsa ngati sitingakatape tizilombo ta m'akasupe otentha a ku Nkhotakota, popeza timakhala m'madzi owira osafa. Funsoli ndi lanzeru, ndipo ndi njira imeneyi imene inatipatsa Taq polymerase, enzaimu ya PCR (njira yochulukitsira DNA m'labotale), yochokera ku bakiteriya wa m'akasupe a Yellowstone. Vuto lake n'lakuti enzaimu ya kachilombo kokonda moto kawirikawiri imachita ulesi pamalo ozizira, pamene m'mimba mwa nsomba kutentha ndi kwa madzi a m'dziwe basi, madigiri osakwana 30 nthawi zambiri. Ife tinkafuna enzaimu yopirira moto kwa mphindi zochepa koma yachangu m'mimba yozizira ndi yowawasa.

Ma phytase opirira kutentha alipo kale pamsika wa kunja, ena okutidwa ndi chotetezera, ena osinthidwa m'labotale, ndipo ndinauza gululo zimenezi poyera. Koma mwana wa mmodzi wa mamembala, wophunzira biochemistry ku yunivesite, ankafuna mutu wa kafukufuku wake womaliza. Komanso ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira, luso lopanga enzaimu yotere konkuno si lotaya. Tinagwirizana kuti iye ndi ine tiyese kulosera.

Maganizo amene njirayi yaimapo

Puloteni ndi unyolo wa ma amino asidi a mitundu 20, umene umadzipinda m'maonekedwe amodzi ogwira ntchito. Kupindikaku sikolimba monga ambiri amaganizira. Kusiyana kwa mphamvu pakati pa puloteni yopindika ndi yomasuka nthawi zambiri kumangokhala 5 mpaka 15 kcal/mol. Ukasintha amino asidi mmodzi mwachisawawa, kawirikawiri umaifooketsa. PhyA ili ndi malo oposa 440, ndipo alionse angasinthidwe m'njira 19, kutanthauza zosintha zoposa 8,000. Palibe labotale kuno ingaziyese zonse.

Koma nkhungu zakhala zikuyesa kwa zaka mamiliyoni ambiri. Puloteni imangofunika kulimba mokwanira pa kutentha kumene mwini wake amakhala, ndipo ikafika pamenepo palibe choikakamiza kulimbirapo. Choncho mtundu uliwonse wa nkhungu umatola tizofooka take pang'onopang'ono popanda kufa nato, ndipo tizofooka ta mtundu uwu sitikhala pamalo amodzi ndi ta mtundu uwo. Ukafoletsa mindandanda yawo, chilembo pansi pa chilembo chinzake, amino asidi amene akupezeka mwa ambiri pamalo ena ndi amene ali ndi mwayi waukulu wokhala woyenera pamalowo. Njirayi imatchedwa consensus.

Kwa wophunzira uja ndinaifotokoza ndi mabwato a pagombe la Senga Bay, osemedwa ndi amisiri osiyana ku mitengo yosiyana. Pamene onse akufanana ndi pamene bwato silingachitire mwina. Pamene lililonse lili ndi kake, palibe chophunzirapo. Koma ukapeza malo amene ambiri asemedwa mofanana, lako lokha n'kusiyana, uyenera kufunsa ngati mmisiri anaphonya kapena anachitira dala chifukwa cha ntchito imene bwatolo limagwira.

Boris Steipe ndi anzake ku Germany anaonetsa mu 1994 kuti zoposa theka la zosintha zoloseredwa motere zinalimbitsa kachigawo ka antibody, puloteni ya chitetezo cha m'thupi. Umboni wotigwira kwambiri ife ndi wa Martin Lehmann, Markus Wyss ndi anzawo ku Roche, Basel. Mu 2000 anatenga mindandanda 13 ya ma phytase a nkhungu n'kupanga enzaimu yatsopano ya consensus yokhayokha. Inamasuka pa madigiri 78, kuposa kholo lake lililonse ndi madigiri 15 kapena kupitirira. Atawonjezera mindandanda ina n'kuchotsa zosintha zimene zinapezeka zofooketsa, mu 2002 anafika pa madigiri 90.4. Pali ndemanga yofunika apa: zolemba zounika njirayi zimanena kuti zosintha za consensus zikayesedwa chimodzichimodzi, pafupifupi theka zimalimbitsa, ndipo pafupifupi zinayi mwa khumi zimafooketsa. Poyerekeza ndi kusintha mwachisawawa, theka ndi mwayi waukulu zedi. Koma zinayi zijazo ndi zimene zimadya nthawi ya munthu.

Kusonkhanitsa ndi kupeta mindandanda

Tinayamba ndi mndandanda wa PhyA wa ma amino asidi 467, n'kudula kamutu kake kamene kamangotsogolera puloteni kutuluka m'selo. Abale ake tinawafufuza ndi pulogalamu ya jackhmmer m'nkhokwe ya mindandanda ya UniRef90, kudzera pa intaneti, pa laputopu wamba. Anabwera ambirimbiri, ndipo ambiri sanali oyenera.

PhyA ili m'banja lalikulu la histidine acid phosphatase. M'banjali muli PhyB ya A. niger yomweyo, imene imagwira ntchito ili inayi pamodzi, muli ma phosphatase a yisiti, muli ngakhale a nyama. Onsewa ali ndi chizindikiro chofanana pamalo ogwirira ntchito, choncho pulogalamu imawakokera mkati. Ukawasiya, consensus yako imakhala chisakanizo cha mapuloteni opindika mosiyana pang'ono, ndipo chisakanizo chotere sichipindika. Tinasiya okhawo ofanana ndi PhyA pakati pa 40 ndi 90 pa 100 alionse, amene akuphimba pafupifupi utali wake wonse. Zidutswa tinataya.

Vuto lachiwiri ndi kukondera kwa nkhokwe zimenezi. Mtundu wa Aspergillus wawerengedwa DNA kambirimbiri chifukwa ena mwa iwo amadwalitsa anthu, ena amaononga mtedza ndi chuku, ena ndi a m'mafakitale. Ukangowerenga mavoti osaganiza, mindandanda makumi angapo yofanana ndendende ya mtundu umodzi imagonjetsa mitundu ina yonse, ndipo chimene umachitcha consensus chimangokhala mtundu umodziwo. Tinagwiritsa ntchito pulogalamu ya CD-HIT kuphatikiza yofanana kwambiri, ndipo powerenga, mndandanda wokhala ndi anzake ambiri oyandikana nawo tinaupatsa liwu laling'ono. Kenako tinafoletsa ndi pulogalamu ya MAFFT n'kuyang'ana ndi maso mu pulogalamu ya Jalview. Kuyang'ana ndi maso sikudumphika. Pamalo amene unyolo umakhota, mindandanda imasiyana utali, pulogalamu imaika mipata mongoyerekeza, ndipo consensus ya pamenepo ndi yosadalirika. Malo onse okhala ndi mipata yambiri tinawachotsa pa zoganiziridwa.

Poyesa ngati alignment yathu, kufoletsa kwa mindandanda kuja, ili bwino, tinafufuza zinthu zodziwika kale. Chizindikiro cha RHGXRXP, mmene muli His59 (amino asidi wa histidine wa pamalo a nambala 59) amene amalanda phosphate, chinaima mowongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi. His338 ndi Asp339 chimodzimodzi. Ma cysteine amene amamanga milatho isanu ya disulfide anaonekanso pamalo awo mwa ochuluka. Zikanapanda kutero tikanayambiranso.

Kusiyanitsa zosungidwa chifukwa cha kulimba ndi zosungidwa chifukwa cha ntchito

Apa ndi pamene wophunzira uja anafuna kuthamanga. Ataona mndandanda wa malo amene PhyA ikusiyana ndi abale ake ambiri, anati, "Aphunzitsi, tingosintha onsewa basi, Lehmann anatero." Lehmann anaterodi, koma enzaimu yake sinali PhyA ayi. Inali ina, ya khalidwe lina.

Alignment siuza chifukwa chimene amino asidi wasungidwira. Wina wasungidwa poti ndi mwala wa pakati pa puloteni. Wina wasungidwa poti amagwira phytate, ndipo wotereyu kawirikawiri amafooketsa puloteni m'malo moilimbitsa. Brian Shoichet ndi Brian Matthews anaonetsa zimenezi mu 1995 pa T4 lysozyme: atasintha ma amino asidi ogwira ntchito, enzaimu inalimba koma inasiya kugwira ntchito. Mu phytase nkhaniyi ndi yoonekeratu. Phytate ili ndi mphamvu ya negative yochuluka, choncho kathumba koilandira kadzaza ndi ma amino asidi a positive, arginine ndi lysine, amene amakankhana okhaokha.

Mbali inayo ndi imene inatikhudza kwambiri. Pamene PhyA yasiyana ndi abale ake pafupi ndi kathumbako, kusiyanako kungakhale chuma chake. PhyA ili ndi nsonga ziwiri za pH, kutanthauza pamene imagwira ntchito mwamphamvu koposa, pa 2.5 ndi pa 5.5, pamene abale ake ambiri amafooka m'malo owawasa kwambiri. Nsomba za mtundu wa chambo ndi makumba zili ndi chifu chowawasa, chimene pH yake imatsika mpaka pansi pa 2 zikadya, ndipo m'nthutumba ya nkhuku namonso ndi mowawasa. Gulu la Xin Gen Lei ku Cornell linaonetsa mu 2006 kuti kusintha kumodzi kokha, E228K (kuika lysine m'malo mwa glutamate pamalo a nambala 228), kunasuntha nsonga ya pH ya PhyA kufika pa 3.8. Gulu la Lehmann nalonso litabwezera ma amino asidi a A. niger m'kathumba ka enzaimu yawo ya consensus, khalidwe lake linasunthira ku la A. niger, n'kutaya madigiri angapo a kulimba, ngakhale inakhalabe yolimba kuposa PhyA. Mmene ndimaonera, kutaya madigiri ochepa n'kusunga mphamvu ya m'chifu ndi malonda abwino.

Choncho tinatsegula maonekedwe a puloteniyo mu pulogalamu ya PyMOL. A 1997, a Dirk Kostrewa ndi anzake, ali mu Protein Data Bank pa nambala 1IHP, ndipo a 2010, a Aaron Oakley, ali ndi chinthu chofanana ndi phytate chitakhala m'kathumba. Tinajambula malire a ma angstrom 8 (angstrom ndi muyezo wa timipata ta pakati pa ma atomu) kuzungulira chinthucho, ndipo chilichonse cha mkati mwake tinachisiya mmene chilili, kaya alignment ikuti chiyani.

Zotsalazo tinazidutsa chimodzichimodzi, ndipo zambiri zinagwa pa zifukwa izi.

PhyA ndi puloteni yovala shuga. Pamene pali asparagine, kenako amino asidi wina, kenako serine kapena threonine, nkhungu kapena yisiti imamangirirapo unyolo wa shuga, ndipo shugayo amathandiza kupirira kutentha. Alignment siona shuga. Pamalo ena consensus inkatiuza kuti tichotse asparagine kapena threonine wa chizindikiro chotere, ndipo tinakana.

Ma amino asidi ena amayenda awiriawiri. Tinapeza malo amene abale ambiri ali ndi wa positive pamene PhyA ili ndi wosiyana. Poyang'ana maonekedwe, tinaona kuti mwa abalewo malo oyandikana nawo ali ndi wa negative womugwira, pamene mu PhyA mnzakeyo kulibe. Kusintha mmodzi yekha pamenepo n'kuika munthu pamalo opanda womulandira. Zotere timasintha onse awiri kapena kusiya onse. Consensus yowerenga malo alionse paokha siona zimenezi, ndipo n'chifukwa chake njira zina monga EVmutation, ya gulu la Debora Marks ya 2017, zimawerenganso malo amene amasinthira limodzi. Njira zimenezo zimafuna mindandanda yochuluka kwambiri, kuposa imene inatitsalira titapeta, choncho ife tinadalira maso ndi maonekedwe.

Ma amino asidi a proline ndi glycine amafuna chidwi chapadera. Proline imaumitsa unyolo, ndipo ikaikidwa pokhota kapena kumayambiriro kwa helix (chigawo cha unyolo chopotana ngati sipuling'i) imalimbitsa, koma pakati pa helix imathyola. Zosintha zopita ku proline zimene abale ambiri ali nazo pamalo okhota ndi zimene ndimazikhulupirira kuposa zina zonse, ndipo zimene tinapeza tinaziika patsogolo. Glycine nayo imatha kupindika mmene ena sangathere, choncho tisanaichotse tinkayamba taona ngodya za unyolo pamalopo.

Pomaliza tinafunsa FoldX kuti iwerengere mphamvu ya kusintha kulikonse. Pulogalamuyi ndimaigwiritsa ntchito ngati mboni yachiwiri, osati woweruza. Kuphonya kwake kumatha kufika pafupi ndi 1 kcal/mol, pamene kusintha kumodzi kolimbitsa kawirikawiri sikupereka zoposa pamenepo. Imadziwa bwino kunena kuti ichi chiononga, monga ukafuna kukankhira amino asidi wamkulu m'kampata kakang'ono, koma ponena kuti ichi chilimbitsa ndi yofooka. Imakondanso kuika ma amino asidi odana ndi madzi pamwamba pa puloteni, zimene pa kompyuta zimaoneka zabwino koma m'botolo zimachititsa mapuloteni kumatirirana n'kuundana. Lamulo lathu linali lakuti alignment ndiyo ipereke dzina, FoldX ingokhala ndi mphamvu yokana. Chimene FoldX yakonda koma sichipezeka mwa m'bale aliyense sitinachitenge.

Kaphatikizidwe kameneka si katsopano. Ndi maganizo a PROSS, njira ya gulu la Sarel Fleishman ku Weizmann Institute ya 2016, imene imalola zosintha zokhazo zopezeka mwa abale kenako n'kuzisefa ndi pulogalamu ya Rosetta. Inapanga enzaimu ya munthu yotchedwa acetylcholinesterase ya zosintha 51, yolimba ndi madigiri pafupifupi 20 kuposa yachibadwa. Kwa ife a m'mphepete mwa nyanja, kumene malungo satha, chitsanzo chokoma ndi cha 2017: pamodzi ndi ofufuza a ku Oxford, analimbitsa RH5, puloteni imene kachilombo ka malungo kamagwiritsa ntchito polowa m'maselo ofiira a magazi, ndi zosintha 18. Inapirira madigiri 10 mpaka 15 owonjezera, inatheka kupangidwa mu bakiteriya wa E. coli, ndipo inkagwirabe basigin (puloteni ya pa selo lofiira imene RH5 imagwira) ndi ma antibody monga yachibadwa. Tinatumizanso PhyA ku seva ya PROSS, titaiuza malo osakhudza, kuti tiyerekeze. Zosintha zimene zinapezeka kwathu ndi kwa iwo tinaziika m'gulu loyamba.

Zimene zatuluka

Pa malo onse amene PhyA inkasiyana ndi consensus, ochepera theka ndi amene anapulumuka. Ambiri ali pamwamba pa puloteni ndi m'makhota, kutali ndi kathumba. Pakati penipeni pa puloteni panapezeka zochepa, ndipo n'zomveka, poti kumeneko PhyA ikugwirizana kale ndi abale ake.

Tazigawa m'mapulani atatu. Loyamba lili ndi zochepa zimene mboni zonse zagwirizana. Lachiwiri likuwonjezera zimene alignment ikuzichirikiza mwamphamvu ndipo FoldX sinakane. Lachitatu lili ndi zonse zopulumuka, kuphatikizapo za awiriawiri zija. Sitikuyesa chimodzichimodzi chifukwa kusintha kumodzi kumapereka digiri imodzi kapena ziwiri, zimene zimabisika m'kuphonya kwa zipangizo zathu, pamene zolimbitsa zotalikirana zimawonjezerana. Pulani yaikulu ikalephera kupindika, zing'onozing'onozo zidzatilozera gulu limene muli choononga.

Mapulaniwa akadali pa kompyuta. Majini ake ayenera kuitanitsidwa kunja ndi kuikidwa mu yisiti ya Pichia pastoris, imene imaveka puloteni shuga ndi kutulutsa enzaimu kunja kwa selo. Ntchito yosintha zamoyo motere imayendetsedwa ndi lamulo la Biosafety Act la 2002, choncho idzachitikira m'labotale ya yunivesite chilolezo chikapezeka, osati m'shedi ya gulu.

Mayeso ake tawalemberatu. PhyA yachibadwa idzapangidwa mu yisiti yomweyo kuti kuyerekeza kukhale kwachilungamo. Iliyonse idzaikidwa m'madzi otentha a madigiri 60, 70, 80 ndi 90 kwa mphindi 10, kuziziritsidwa pa ayezi, n'kuyezedwa mphamvu yotsala ndi chikasu chija. Mayeso amenewa amasakaniza zinthu ziwiri, kusamasuka ndi kubwerera m'chimake. Phytase ya Aspergillus fumigatus, mwachitsanzo, imamasuka pa kutentha kosasiyana kwambiri ndi PhyA koma imadzipindanso ikazizira. Kwa wopanga chakudya zonse ndi phindu, koma kuti tidziwe ngati kulosera kwathu kunalondola tidzayezanso digiri yomasukira ndi utoto wa SYPRO Orange m'makina a qPCR. Kenako mphamvu pa madigiri 28, pa pH 2.5, 3.5 ndi 5.5, ndiponso itakhalitsidwa ndi pepsin, enzaimu ya m'chifu yogaya mapuloteni. Pulani imene idzalimba koma n'kutaya mphamvu pa pH 2.5 tidzaiwerenga kuti yalephera.

Zimene gulu likuchita pakali pano

Ngakhale mapulaniwa atafika pa madigiri 90 a Lehmann, enzaimuyo singapulumuke mu extruder. Ingathandize pa mapeleti a nkhuku ndi omira okha. Pa oyandama, enzaimu iyenera kugwira ntchito moto usanafike kapena kulowa moto utadutsa.

Njira imene gulu lasankha ndi yothira pambuyo. Mapeleti akazizira amayalidwa pa lona woyera, ufa wa phytase umasungunulidwa m'madzi ochepa ozizira, n'kuwazidwa ndi sipuleya yatsopano imene sinaonepo mankhwala a kumunda, wina akutembenuza ndi fosholo. Amaumika pamthunzi, kenako kupaka mafuta pang'ono kuti enzaimu isasukuluke peleti ikagwa m'dziwe. Njira inayo, yonyowetsa madeya ndi soya ndi madzi ofunda a madigiri pafupifupi 50 n'kusiya enzaimu idye phytate ufa usanalowe m'makina, imagwira ntchito, koma ndinawachenjeza kuti phala lonyowa lisagone, chifukwa kutentha kwa Salima ndi chinyezi zimaitana chuku msanga.

Thumba la enzaimu linkakhala m'shedi ya malata, mmene mu Okutobala ndi Novembala munthu satha kukhalamo masana. Lasamutsidwira m'chipinda chozizirirapo, m'chidebe chotseka bwino, ndipo agwirizana kuti azigula yokwanira miyezi yochepa yokha. Mapeleti owazidwa tinawayeza ndi njira yomwe ija ndipo chikasu chinabwerera. Fosifolasi wa m'sitolo sanamuchotse onse. Achepetsa m'maiwe ena okha, ena asiya mmene analili, ndipo aziyeza nsomba pa sikelo mwezi ndi mwezi mpaka pokolola.